Chipewa cha Wayilesi

3 Malichi

Amayi okondedwa,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi onse pakhomopo. Kodi bondo lija lasiya kuvuta? Ine kuno ndili bwino, kupatula chifuwa cha fumbi la simenti chomwe aliyense ali nacho. Ndalemba kalata poti pa foni mumangoti "eee, eee" chonsecho simunamve. Iwe mlongo wanga amene ukuwawerengera, werenga zonse, usadumphe mizere ngati muja unachitira pa nkhani ya feteleza.

Mng'ono wanga wafika bwino, ndipo dzina lake lija la Wayilesi lamutsatira mpaka kuno. Kungotsika basi anayamba kufotokoza ulendo wonse, amene anasanza, amene analanda mpando wa mnzake, mpaka anzathu a m'chipinda akufunsa kuti kodi pozimitsira pali pati. Timagona anayi. Iye ali pabedi lapamwamba, ine lapansi, ndiye wayilesiyo imalira pamutu panga penipeni.

Alongo anu, amalume, achita zazikulu. Poti ndi akapitawo, anangolankhula kamodzi ndi abwana, mwana n'kuyamba ntchito. Tikumanga nyumba yaitali yansanjika. Ine ndimawotcherera zitsulo m'mwamba, iye amatola matabwa ndi kukankha wilibala pansi. Mapepala ake okhalira kuno sanatuluke, koma amalume akuti tisiye m'manja mwawo. Nsapato zantchito amupatsa. Chatsala ndi chipewa cholimba chija timavala kuti chinthu chikagwa chisaswe mutu. Akuti kusitolo ya kampani zatha, chibwera Lolemba. Pakali pano akuyenda ndi kachisoti kake kansalu, kuyerekedwa nako ngati mkwati.

Pageti pali chikwangwani cholembapo masiku amene tagwira ntchito popanda ngozi. M'mawa uliwonse amalume amasintha nambala ndi manja awo, sakhulupirira wina. Chikakwana chaka, tonse tilandira bonasi ndipo iwowo akwezedwa. Ndiye kuno munthu akadzicheka chala amangokulunga kansanza, dzanja m'thumba, zii. Sitiyankhula za ngozi.

Ndapatsira adalaivala a basi kandalama ndi bulangeti. Muyambe mwagula mankhwala a bondo, yotsalayo mukonzetse chitseko. Mbuzi yaikaziyo musagulitse, ngakhale akunyengerereni bwanji.

Ndine mwana wanu wamkulu.

11 Epulo

Amayi,

Moni kwa inu nonse. Ine ndili bwino. Ndikulemba ndili kwina, kutali ndi malo athu aja, komwe kampani ikumanga nyumba yosungiramo katundu. Lachiwiri masana ndili m'mwamba, amalume anandiitana ndi mluzu. Ndikutsika, ndinapeza lole ikulira kale pageti. Akuti, "Kwera msanga, uko akusowa wowotcherera, chikwama ndikutumizira." Sindinatsanzike ngakhale Wayilesi. Ndinayang'ana pamulu wa matabwa pomwe amakhala, panalibe munthu, wilibala yokha ili chafufumimba.

Madzulo ake amalume anaimba kuti mwana wadwala mutu, mwina ndi dzuwa, akupuma m'chipinda. Amugulira asipirini paketi yathunthu, akuti azimwa mutu ukangoyamba. Dzulo ndinamuimbira mwini wake. Amayi, mumamudziwa mwana wanu, amamaliza mayunitsi asanamalize moni. Koma dzulo anangoti, "Achimwene, mutu. Ndili ndi tulo." Basi. Ndinafunsa ngati wadya, amalume ndi amene anatenga foni, akuti musiye agone, tulo ndi mankhwala.

Mwina sikanthu. Mutu timadwala tonse. Musade nkhawa, mawa ndi Lachisanu, ndipempha lole ya mchenga indikweze ndikamuone.

Chipewa chija sichinabwerebe. Lolemba la kuno limachedwa kufika.

Iwe mlongo wanga, ndamva kuti telala uja wayamba kudutsa pakhomo kawiri patsiku. Umuuze kuti alamu ake amagwira ntchito ndi moto. Amayi, chimanga musayambe kukolola chisanaume, chaka chatha munataya chambiri ndi anankafumbwe.

Ndine wanu.

14 Epulo

Amayi,

Moni. Khalani pansi kalatayi isanawerengedwe. Wayilesi ali moyo, ndayamba ndi zimenezo. Koma ali m'chipatala, m'chipinda cha odwala kwambiri, ndipo makina ndi amene akumupumira.

Lachisanu ndinamupeza pabedi langa lapansi, chidebe cha masanzi pambali. Ndinamugwedeza, ndinamuitana dzina lake lenileni, anangobuula. Nditatsegula zikope zake, kadontho kakuda ka diso limodzi kanali kakakulu kuposa kanzake. Amalume anali ataima pakhomo. Akuti, "Wagwa pamasitepe m'mawa uno, anamwa dzulo." Ndinati, "Amalume, uyu kumwa anayamba liti? Ngakhale fanta amati ikumutsamwa." Ndikumunyamula iwo akundikoka malaya, akuti dikira, alibe mapepala, kuchipatala akaitana apolisi, tonse atithamangitsa. Ndinawakankha, Mulungu andikhululukire. Kuchipatalako palibe amene anafunsa pepala. Anafunsa dzina basi, n'kuthamanga naye.

Atamujambula m'mutu, adokotala, mayi wamfupi wa magalasi, anandiitana kuti ndione chithunzi. Amalankhula pang'onopang'ono kuti ndimve. Akuti ubongo wake watupa. Bondo lanu likatupa, amayi, lili ndi kopita, khungu limatamuka. Koma ubongo uli m'chibade, ndipo fupa silitamuka. Ukatupa umadzipanikiza wokha, magazi amalephera kulowa, ndiye kutupako kumabala kutupa kwina.

Ndinafunsa kuti madziwo achokera kuti, munthu sanamire. Akuti ubongo unapangidwa ndi tizipinda ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, ndipo kalikonse kamakhala kakupopa mchere kuutulutsa kunja. Malo akavulala, tizipindato timatha mphamvu, mchere umalowa, ndipo kumene kwapita mchere madzi amalondola. Kenako timitsempha ta magazi timayamba kuchucha, madzi enanso n'kudzaza. Zimenezi sizichitika tsiku limodzi. Zimakwera pang'onopang'ono, n'kufika poipitsitsa pakapita masiku atatu, anayi kapena asanu. N'chifukwa chake munthu amatha kudzuka pomwe wagwa, kuseka, kuyenda, anthu n'kumati wapulumuka.

Atatero anavula magalasi n'kutiyang'ana tonse awiri, ine ndi amalume. Akuti, "Mwati wagwa m'mawa uno? Chithunzi ichi si cha bala la lero. Ndiuzeni tsiku lenileni, chifukwa ndikufuna kudziwa ngati kutupaku kukukwerabe." Amalume anangoti tsiku ndi lomwelo, n'kutuluka kukayankha foni yomwe sinalire.

Akumuika diripi ya madzi a mchere wambiri, ndi ina yonga shuga. Akuti zimakoka madzi kuchoka muubongo kubwerera m'magazi, iye n'kuwakodza. Amukweza kumutu kwa bedi, amugoneka ndi mankhwala kuti ubongo upume. Asipirini uja akuti anaonjezera kutuluka kwa magazi, poti amachepetsa mphamvu ya magazi yoti aundane.

Pempherani. Sinditumiza kanthu mwezi uno.

Ndine wanu.

19 Epulo

Amayi,

Moni, ndikhulupirira mukudya ngakhale pang'ono. Ine ndikugona pabenchi ya chipatala, msana wauma ngati thabwa, koma ndili bwino.

Diripi ija inagwira masiku awiri kenako inalephera. Adokotala sanandibisire. Akuti mankhwala amenewo amathandiza maola ochepa, madzi n'kubwereranso. Ndinamva msanga, chifukwa n'zimene timachita m'dzenje la maziko mukatuluka kasupe: umapopa, umapuma, wapeza ladzazanso. Ndiye anamuchita opaleshoni. Achotsa chigamba cha fupa kumanzere kwa mutu kuti ubongo upeze kotupira. Fupalo sanataye. Alisunga m'thupi mwake momwe, pansi pa khungu la pamimba, kuti adzalibwezere pakapita miyezi. Ine ndi amene ndinasayina. 

Tsopano imvani. Chindevu, woyendetsa kireni yokwezera katundu m'mwamba amene timagona naye chipinda chimodzi, anabwera kudzazonda. Anaima pagalasi, kuona mwana ali m'mapaipi, analira ngati wamng'ono. Kenako anandikokera panja. Akuti Lachiwiri lija chitsulo chomangira nsanja chinapulumuka m'mwamba n'kumugwera Wayilesi kumutu, pa kachisoti kansalu kaja. Anakomoka, kenako anadzuka n'kumaseka, akuti mutu wake ndi wa mwala. Amalume anamulowetsa m'kontena yazipangizo, anauza onse kuti amene atsegule pakamwa wadyera anzake bonasi. Atatero ndi pamene anandiimbira mluzu uja. Lole ija sinkafuna wowotcherera ayi, amayi. Inkafuna kuti ine ndisaone.

Ndinabwerera kwa adokotala kukawauza tsiku loona. Anangogwedeza mutu. Ndipo anandiuza chinthu chomwe bola akanandibisira. Pachipatala pano akuyesa mankhwala ena, omwe poyamba ndi a matenda a shuga. Ofufuza akuganiza kuti amatha kutseka kakhomo kamene mchere umalowera, ndiye m'malo momapopa madzi, watseka kasupe. Koma amayenera kuyamba m'maola oyambirira munthu atangovulala. Mwana akanabwera Lachiwiri, madokotala akanandifunsa ngati ndikulola kuti alowe nawo m'kafukufukuyo. Ndinati, "Akanachira?" Akuti, "Sitikudziwa, n'chifukwa chake tikuyesa. Mwinanso akanagwera m'gulu lomwe sililandira mankhwalawo. Chimene ndikudziwa n'chakuti tikanamuona kutupa kusanakule."

Ndiye ndili ndi funso lomwe palibe adzandiyankhe mpaka imfa. Anandipatsa funso limeneli ndi mlongo wanu, wobadwa naye mimba imodzi.

Ndine wanu.

2 Meyi

Amayi,

Moni. Wayilesi akupuma yekha tsopano, achotsa paipi yapakhosi. Maso amatsegula koma sanayambe kulondola munthu.

Za foni ya Lamlungu ija. Ndinadula ndine, si netiweki. Ndakhala masiku ndikutafuna mawu anu, ndipo sakumezeka.

Munati ndisatukwanitse banja pamaso pa alendo. Munati amalume ndi amene anafolera nyumba yanu ndi malata, ndi amene ananditengera ine kuno ndilibe ngakhale thalauza lachiwiri. Zoona zimenezo, sindinakanepo. Munati chibale ndi fupa, sichiwola. Amayi, fupa ndaliona ine, lili pamimba pa mwana wanu.

Koma chimene chandibaya si chimenecho. Pofuna kuwaikira kumbuyo munati, "Iwowo sanabise, anandiimbira Lachiwiri lomwelo kuti mwana wagundidwa pang'ono." Lachiwiri lomwelo! Ine ndinkakulemberani za dzuwa ndi anankafumbwe, ndikuti musade nkhawa, inu mukudziwa kale kuti chitsulo chamugwera. Ndipo atakuuzani za mapepala ndi apolisi, munavomera kuti amusunge m'chipinda. Nambala yanga muli nayo. Mlongo wanga akanandiimbira m'malo mwanu, ine ndikanakwera lole yoyamba, ngakhale wapansi ndikanayenda. Munakhulupirira akapitawo kuposa mwana amene amagona pansi pa bedi la Wayilesi.

Ndikudziwa kuti munachita mantha. Ndikudziwa kuti anakuuzani kuti akuseka, akuyenda. Usiku ndimadziuza zimenezo kuti ndikukhululukireni, kukacha ndapeza mtima uli pomwe unali. Ndakwiya nanu, amayi. Sindinanenepo mawu amenewa chibadwire, lero ndanena. Iwe wowerenga, ngati ukulira pukuta misozi, koma mzere umenewu uwerenge.

Amalume akuuza anthu kuti ine ndi kamba, ndanyerera amene ananditola. Andichotsa m'mwamba, andiika kosesa zidutswa za zitsulo, malipiro atsika. Chikwangwani chija akusinthabe m'mawa uliwonse. Ndimadutsa pansi pake ndikupita kuchipatala.

Mbuzi ija gulitsani, palibe kuchitira mwina.

Ndine mwana wanu ndithu.

26 Meyi

Amayi,

Moni nonse. Kalata yanu ndalandira, ndi kansalu kamene munati ndimuikire pansi pa pilo. Ndamuikira. Zina zomwe munalembazo ndiyankha tsiku lina.

Wayilesi wadzuka. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Achi." Mawu otsalawo anawafunafuna mpaka thukuta, sanawapeze. Akuti mbali yomwe inapanikizika ndi imene imasunga mawu. Amamva zambiri, koma poyankha amatola liwu limodzilimodzi ngati munthu wotola mpunga wotayika pamchenga. Dzanja lamanja ndi lofooka, mwendo amakoka. Pali mayi wina amene amamuphunzitsa kulankhula ndi zithunzi. Anamuonetsa chithunzi cha wayilesi, iye anaseka kwambiri, koma dzina lake silinatuluke. Ndinapita kuchimbudzi kukalira.

Ndinapita kuofesi ya kampani kukanena kuti anavulalira pantchito, kuti amuthandize monga amachitira ndi ovulala. Akalaliki anatembenuza kompyuta kuti ndione. Khadi lake lolowera pageti linadindidwa Lachitatu, Lachinayi, mpaka Lachisanu m'mawa. Munthu ali chigonere akusanza, khadi lake likupita kuntchito! Akuti, "Wovulala Lachiwiri angagwire bwanji mpaka Lachisanu? Bwera ndi mboni."

Ndinapita kwa Chindevu. Anayang'ana pansi, akuti, "Mbale wanga, ndili ndi ana kusukulu. Ine ndinali m'mwamba, sindinaone kanthu." Munthu yemwe uja analira pagalasi. Enawo akandiona amayamba kumanga zingwe za nsapato.

Ndinatsala ndi mboni imodzi, mwini mutu. Ndinamufunsa mofatsa kuti ukukumbuka chimene chinakugwera? Anapukusa mutu. Sabata yonse ija inafufutika, ndipo adokotala akuti nthawi zambiri siibwerera.

Chaka chinakwana Lachisanu lapitali. Kunabwera akuluakulu a kampani, kunali nyama yowotcha ndi zakumwa, amalume anajambulitsa pansi pa chikwangwani atavala tayi. Akwezedwa. Envelopu yanga ya bonasi ndinaisiya patebulo pomwepo. Musandifunse kuti bwanji sindinakutumizireni, simukanaidya ndalama imeneyo. Kapena mukanaidya, sindikudziwanso.

Madzulo ake amalume anafika kuchipatala ndi jumbo la malalanje, koyamba chigonekereni mwanayu. Wayilesi atawaona nkhope yonse inawala. Anawagwira dzanja osafuna kulisiya. Iye akukumbuka amalume amene anamupezera ntchito, basi. Iwo anamusendera lalanje, akumudyetsa, ine nditaima kumiyendo kwa bedi ngati mlendo.

Ndine wanu.

7 Julayi

Amayi,

Moni. Kalatayi ifika pamodzi ndi mwana wanu. Ndamukweza basi ya adalaivala athu aja, mpando wakutsogolo, ndipo alonjeza kumutsitsira pakhomo penipeni. Tikiti agula ndi amalume. Anafulumira nayo kwambiri, sindinawaonepo akufulumira chotero. Ine ntchito yatha, akuti kontilakiti yanga sinawonjezedwe. Ndapeza ganyu yowotcherera mageti kwa munthu wina, ndipo ndasamuka chipinda. Musawapatse adiresi yanga.

Tsopano mvetserani, ndipo iwe mlongo wanga usunge pepalali. Mapiritsi oyera amwe m'mawa ndi madzulo osadumphitsa, ndi oletsa kukomoka. Akatha mukatenge ena asanatheretu. Asipirini ayi, ngakhale wina anene kuti ndi wabwino. Akayamba kusanza, kapena tulo tosadzuka, kapena mutu wosaleka, musadikire kuti kuche, musafunse maganizo kwa wina aliyense, thamangani naye kuchipatala chachikulu. Envelopu yakhaki ili m'chikwama ndi ya madokotala akumeneko, muli zithunzi ndi tsiku loti akamuone za kubwezera fupa. Chotupa cholimba chili pamimbacho musachitsukuluze ndi madzi otentha, ndi fupa lake lomwe.

Akamalankhula musamumalizire mawu. Dikirani. Amakwiya mukamuthandiza. Ana apakhomopo asamuseke, ndipo dzina lija la Wayilesi muzimuitana nalobe, amalikonda.

Munafunsa ngati ndidzabwere pa Disembala kuti tidzakhale pansi ndi amalume, tikambirane monga banja. Sindikudziwa. Chokambirana n'chiyani? Iwo sanavomerepo kanthu, ndipo inu simunawafunsepo. Ndalama ndizitumiza ndikapeza, imeneyo ndi ntchito yanga, siisintha.

Chomaliza. Mumuona atavala chipewa chachikasu. Adokotala anati popeza mbali ina ilibe fupa, asamayende mutu uli pamtunda, ngakhale popita kuchimbudzi, chifukwa kungogunda pachitseko kungamuphe. Amalume atamva anati zimenezo zisativute. Anabwera nacho chatsopano, chili m'pulasitiki mwake, chochokera kusitolo ya kampani ija. Anamuveka okha, n'kumumangira lamba pachibwano. Wayilesi anaomba m'manja ndi dzanja lake lofookalo, anavutika, anavutika, mpaka anatulutsa mawu awiri motsatizana, koyamba chidzukireni. Anati, "Zikomo, malume."

Pogona muzimuvula. Mukamuvula, ikani dzanja lanu kumanzere kwa mutu wake, pang'onopang'ono, pomwe palowa m'kati. Pamagunda ngati liwombo la khanda, monga munamugwirira tsiku lomwe anabadwa. Musachotse dzanja msanga. Mukatero muwaimbire alongo anu, muwathokoze chifukwa cha chipewacho. Chinabwera Lolemba, monga ananenera.

Ndine mwana wanu wamkulu.